TILI PA MSIKA: Msana ulibe sipeya

 Malonda akuyenda? Ngati sakuyenda musadziimbe mlandu, si inu nokha. Ngakhale cholembera changachi masiku ano chikudziwa kulemba ngongole kuposa nkhani.

Sabata yatha simudandione pa tsamba lino, ndipo ndamva kuti ena mudayamba kale kufalitsa zoti mkonzi wandithamangitsa. Pepani, ndikadalipo. Ndidapita kwathu ku Kande, m'boma la Nkhata Bay, kukaona ngati amalume anga akundiyankhulabe. Chifukwa chake muchimva pompano.

Koma ndiyambe ndakufunsani inu amayi ndi abambo ogulitsa usipa. Mudayamba mwadzifunsapo kuti kansomba kamene mumaika timilu pathebulo kaja kamafika bwanji pamsewu? Inu mumangoona thumba likutsika pa lole kapena pa basi, n'kuyamba kunenerera. Lole isanafike pamakhala njinga. Pa njingapo pamakhala munthu. Pansi pa munthuyo pamakhala chishalo. Nkhani yathu lero ili pamenepo, pansi pa munthu.

Kwa amene simudafikeko, Kande ali pa msewu wa M5, uja wa m'mbali mwa nyanja wochokera ku Salima kudzera ku Nkhotakota ndi Dwangwa. Mukachokera ku Mzuzu mumatsika mapiri mpaka pa Mpamba, n'kukhotera kum'mwera musanalowe pa boma, kudutsa mitengo ya mphira ya ku Vizara, kuoloka Luweya, kupitirira Chintheche ndi Bandawe pomwe amishoni a Livingstonia adakhazikika mu 1881, basi mwafika. Ndi dziko la Atonga, la kondowole ndi malipenga, la anthu oti ngakhale akupita kukazula chinangwa malaya amakhala ositidwa. Koma tangosiyani phulalo muloze kunyanja kapena kumidzi ya kumtunda, muona: mchenga, mizu ya mango, makwinya ngati a malata, ndi tizigwembe tokumbidwa ndi mvula. Paja mvula ya ku Nkhata Bay si yamasewera.

M'njira zimenezi ndi momwe amalume anga, kwathu timati asibweni, akhala akupalasa njinga kuyambira ine ndisanabadwe. M'bandakucha ali kunyanja kugula usipa, dzuwa likamakwera ali pamsewu kukumana ndi ooda a m'tauni, masiku ena mpaka ku Chintheche n'kubwerako. Ndi njinga adamanga nyumba ya malata. Ndi njinga akulipirira mwana wawo wamkazi amene ali Fomu 3. Ndipo ndisabise, ndi njinga yomweyo adandilipirira ine mayeso a Fomu 4 bambo anga atatisiya.

Kale adali ndi Humber yakuda, ya chishalo chachikulu chokhala ndi masipuling'i kumbuyo. Chaka chatha felemu yake idathyoka kachitatu, wowotcherera n'kunena kuti pano ndiye tingoiika m'manda. Adagula ya kaunjika, zija zamagiya timati mauntenibaiki, n'kuwotcheretsa kaliyala ya zitsulo zomangira nyumba. Njinga yabwino, yopepuka, pachitunda simutsika. Koma chishalo chake, abale! Chowonda ngati chikwanje, cholimba ngati mphero, sipuling'i ngakhale imodzi palibe. Amene adachipanga ankaganiza za mnyamata wothamanga Loweruka atavala kabudula wa siponji, osati bambo wa imvi ndi dengu la usipa kumbuyo.

Mwezi wathawu mayi adandiimbira foni. "Amalume ako sabata yachiwiri ino njinga yatsamira khoma. Msana. Podzuka akuchita kugwira chitseko." Kuchipatala adawapima, adawapatsa mankhwala, n'kuwauza kuti apume ndipo achepetse kudzigwedeza. Kupuma! Inu a geni mukudziwa kuti mawu amenewa amakoma m'kamwa mwa dokotala. Koma kusukulu safunsa za msana, amafunsa risiti ya fizi.

Apa m'pamene nzeru zanga za Fomu 4 zidadzuka. Ndidakumbuka mzungu wina wa panjinga, mwa aja amayenda dziko ndi dziko atapachika zikwama mbali zonse, amene ndidamuona tsiku lina ataima pa Kande akugula nthochi. Chishalo cha njinga yake chinkagwedera chokha ngati mutu wa gulo. Nditasuzumira ndidaona kuti chinsinsi sichili pa chishalo ai, chili pa paipi imene imanyamula chishalocho. Eni ake amaitcha suspension seatpost. Ife tingoti paipi ya chishalo ya shoko. M'kati mwake muli sipuling'i kapena mphira yolimba. Tayala lakumbuyo likagunda muzu, paipiyo imafupika pang'ono n'kumeza nkhonya imene ikadafika pamsana.

Ndidazungulira kwa ogulitsa njinga za kaunjika mu Mzuzu mpaka ndidaipeza, yakale koma yonyezimira. Ndidamufunsa mnyamata wogulitsayo ngati ingalowe pa njinga ya amalume. Iye: "Aise, imeneyi imalowa paliponse, olo pa wilibala." Ndidatulutsa ndalama ya nkhani zitatu imene mkonzi adandilipira mochita kukokana. Sindidafunsenso wina. Paja akulu adati safunsa adadya phula.

Kumudzi ndidafika ngati nduna yodzatsegula mlatho. Ana adandizungulira. Ndidamasula bauti, n'kuzula paipi yakale movutikira, n'kuponya yatsopano ija. Idangoti phoo, mpaka pansi, ikugwedera ngati munsi mumtondo. Munthu wanzeru akadaima pomwepo. Ine ndidadula mphira ya chubu chakale, n'kukulunga, n'kumanga bauti mpaka sipanala idandidya chikhatho. Ndidayesa pabwalo, zinthu zili bwino. Amalume adayang'ana, adapukusa mutu, koma poti mphwawo wachokera kutauni ndi mphatso, adati yewu.

Patatha masiku atatu, atapezako bwino, adati akayese ulendo umodzi. Adapita bwino. Pobwera, dengu litadzaza, atafika pa mizu ya mango, chishalo chidatembenukira kumanzere, n'kutitimira pansi nthawi imodzi. Mawondo adagunda handulo, tayala lakutsogolo lidalowa mumchenga, munthu uko, njinga uko, usipa wonse pansi. Mwamwayi mchenga womwewo ndi umene udawalandira, sadathyoke paliponse. Adafika pakhomo akukankha njinga, adandiyang'ana nthawi yaitali, n'kungoti: "Mphwanga, Fomu 4 ndinalipira ija anakuphunzitsa zimenezi?"

Akazi awo adakhala tsiku lonse ndi lichero akupeta usipa. Inu mukudziwa mtengo wa usipa wamchenga. Kasitomala akangoluma kamodzi dzino n'kulira, sabweranso pa benchi panu, ndipo amauza mpingo wonse. Dengu lonselo lidagulitsidwa motaya. Mpamba umene udapulumuka ku matenda udatsala pang'ono kufera m'manja mwa mtolankhani.

M'mawa mwake tidakankha njinga kupita kwa mkulu wina wokonza njinga pansi pa mtengo pa Kande pomwepo. Sukulu adalekeza ku pulayimale, koma zimene adandiphunzitsa tsiku limenelo ndi zimene ndikufuna ndikugawireni, makamaka inu amene mpamba wanu umayenda pa matayala awiri: a makala, a tomato, a mabuledi, a kabaza, ndi anzanga a sakaramento ku Mzuzu.

Adatenga paipi yakale, adaipukuta ndi kasanza chakumunsi kwake, n'kundionetsa. Padalembedwa 27.2. Adatenga yanga ija: 25.4. "Ada, inu si ndinu olemba nyuzi? Ndiye kuwerenga manambala atatu kunakukanikani?" Anthu onse pansi pa mtengo adafa nazo. Manambalawo ndi kunenepa kwa paipi m'mamilimita. Kusiyana kwake sikufika mamilimita awiri, koma ndi kumene kudagwetsa amalume.

Ndiye phunziro loyamba ndi limeneli: paipi ya chishalo yolowa paliponse kulibe. Zofala ndi 25.4, 27.2, 30.9 ndi 31.6, ndipo njinga zakale za kaunjika zili ndi manambala ena apakati monga 26.4 ndi 26.8. Musanagule, zulani yakaleyo mupite nayo kumsika, monga muja mumatengera kachingwe pokagula nsapato ya mwana. Ngati nambala idafufutika, wokonza njinga kapena makaniko akuyezereni ndi choyezera chake. Ikanenepa, musaikhomere ndi mwala, mung'amba felemu. Ikawonda, musakakamize bauti, mufinya kamwa la felemu ndipo tsiku lina lidzathetheka.

Yowonda ili ndi mankhwala ake, koma si mphira. Mphira imanyinyirika, imaterera, ikatentha imafewa. Pamafunika kamphete kachitsulo kotalika ngati chala chapakati kapena kuposerapo, kong'ambidwa mbali imodzi, kokhala ndi mlomo pamwamba kuti kasagwere m'kati. M'masitolo a kunja amagulitsa topangiratu. Ife adatitumiza kwa wokhoma ndowa, amene adadula kuchokera ku sefuliya yakale yobooka, n'kukapinda bwinobwino mpaka paipi idalowa mothina, yosagwedera ngakhale bauti isanamangidwe. Mkulu uja adanenetsa kuti iyi ndi njira ya osauka. Njira yeniyeni ndi kugula nambala yanu.

Chachiwiri ndi malo. Gawo limene limasewera lija sililowa mu felemu, limakhala panja, ndipo limadya masentimita 10 kapena kuposa. Ngati chishalo chanu chidakhala kale pansi chogundana ndi felemu chifukwa ndinu wamfupi, paipi imeneyi ikukwezani m'mwamba, miyendo izichita kusaka mapedulo. Amayi ambiri amene amapalasa njinga za amuna awo, ndi anyamata ongoyamba kumene kabaza, asataye ndalama. Yang'anani kaye kuti paipi yanu yatuluka motalika bwanji. Ngati chikhatho chanu sichikwana pakati pa felemu ndi chishalo, iwalani.

Chachitatu ndi pogwirira chishalo. Njinga zakuda zija, ma Hero, ma Avon, ma Phoenix ndi ma Humber, paipi yake imawonda kumutu, ndipo chishalo chimabwera ndi chomangira chakechake. Mapaipi a shoko ambiri ali ndi mutu wogwira tinjanji tiwiri ta pansi pa chishalo chamakono. Ziwirizi nthawi zambiri sizigwirizana. Komanso, mkulu uja adati, ya yakuda safunika shoko, idabadwa nayo kale. Masipuling'i a chishalo chake akatopa kapena akathyoka, sinthani chishalo, basi. Vuto la msana lachuluka pomwe anthu ayamba kunyamulira katundu pa njinga zopangidwira masewera.

Mapaipi a shoko alipo amitundu iwiri. Wina, ngati umene ndidagula ine, umangotsika ndi kukwera mowongoka ngati pampu. Ndi wotchipa, koma ukakalamba mutu wake umayamba kugwedera m'mbali. Wina uli ndi timikono tiwiri tolumikizana, chishalo chimatsika chopita kumbuyo. Umenewu ndi umene udali pa njinga ya mzungu uja. Odziwika ndi NCX wa kampani ya SR Suntour, amene amatsika mpaka masentimita 5, ndi Thudbuster wa kampani ya Cane Creek ya ku America. Amameza makwinya bwino kuposa woyambawo, koma ena mtengo wake umapitirira madola 100, kutanthauza kuti paipi ikhoza kudula kuposa njinga imene yaikidwapo. Ndipo inu a kabaza chenjerani nawo mtundu wachiwiriwu: mwana wokhala kumbuyo akalowetsa chala pa timikonoto, chimapanidwa. Nalonso dengu likagundana ndi chishalo, shoko sisewera.

Tsono kaikidwe kake. Asanamasule chilichonse, mkulu uja adafunsa amalume kuti chishalo chakale chinkafika pati, n'kuyeza ndi chingwe kuchokera pakati pa chitsulo chozungulirapo mapedulo mpaka pamwamba pa chishalo. Ine sindidayeze chilichonse tsiku lija. Kenaka adapukuta m'kati mwa felemu, mudatuluka dzimbiri ndi mchenga, n'kupaka girisi pang'ono. Girisi ameneyu si wokongoletsa. Mapaipi ambiri amakono ndi a aluminiyamu, pomwe felemu ndi yachitsulo. Ziwirizi zikakhala pamodzi mu chinyontho cha kunyanja popanda girisi, zimamanga ukwati wosatha, ngakhale ankhoswe abwere ndi hamala. Kamodzi kapena kawiri pachaka izuleni, muipukute, muipakenso.

Adandionetsanso mzere wolembedwa chakumunsi kwa paipi. Mzere umenewo uyenera kubisika m'kati mwa felemu nthawi zonse. Ukaoneka panja, ndiye kuti paipi yagwira pang'ono, ndipo tsiku lina idzapindika kapena idzang'amba felemu munthu ali pamwamba. Anyamata ataliatali amene mumakonda kukweza chishalo ngati mlongoti wa mbendera, pitani mukayang'ane lero lomwe.

Kutalika koyenera amayeza chonchi. Khalani pa chishalo mutatsamira mtengo, ikani chidendene pa pedulo itafika pansi penipeni. Mwendo uwongoke, koma chiuno chisapendekeke. Mukamapalasa ndi kutsogolo kwa phazi, bondo limakhala lopindika pang'ono, ndiye zili bwino. Chishalo chotsika kwambiri chimadya mawondo, chokwera kwambiri chimakupendeketsani uku ndi uku mpaka msana ulire. Poti shoko imatitimira pang'ono munthu akangokhalapo, adakweza chishalo ndi kunenepa kwa chala chimodzi kupitirira pa muyeso wa chingwe chija.

Ndipo shokoyo ili ndi pochepetsera ndi poonjezera mphamvu. Kunsi kwenikweni kwa paipi, kumene kumabisika mu felemu, kuli chotsekera cholowa alenikiyi. Mukachizungulitsa cholowetsa m'kati, sipuling'i imalimba, mukachibweza imafewa. Musachibweze mpaka kutulukira panja pa paipi, chingafwamphuke. Munthu akakhala, chishalo chitsike pang'ono chabe, ngati gawo limodzi mwa magawo anayi a ulendo wake wonse. Chikatsika mpaka kugunda pansi, palibe chotsala chomezera maenje. Chikapanda kutsika n'komwe, ndiye mwangogula paipi wamba pa mtengo wa shoko. Tidazula ndi kubwezera katatu tisanapeze muyeso wa amalume, amene ndi munthu wa thupi lochepa.

Za chishalo chenichenicho, tidachotsa chikwanje chija n'kuika chotambalala pang'ono, cha tinjanji tiwiri. Mkulu uja adachigoneka mofanana, kutsogolo ndi kumbuyo chimodzimodzi. Mphuno ya chishalo ikaloza pansi, mumatsetsereka, kulemera konse kumapita m'manja ndi m'mapewa. Ikaloza kumwamba, imakanikiza malo aja ofunika, munthu n'kutsika panjinga kunsi konse kuli zii. Abambo mukundimva. Dzanzi limenelo musalizolowere, konzani chishalo, milandu ya kwa ankhoswe ichepe.

Pomaliza adadula kachidutswa ka chubu chakale, n'kuveka gawo losewera lija ngati sokosi, n'kumanga ndi mphira. Apa ndiye pamene chubu chili ndi ntchito. Mchenga wa ku Kande ukalowa pamene zitsulo zikukhuzana, umadya ngati tupa, miyezi ingapo shoko yatha. Adachotsanso kachomangira kotsegula ndi dzanja kaja n'kuika bauti ndi nati. Inu a mtauni mukudziwa chifukwa chake. Mukaimika njinga pa Tsoka n'kulowa kukagula anyezi, kotsegula ndi dzanja kamatsegukanso ndi dzanja la mnzanu, mudzabwerera kunyumba mutaimirira.

Nditabwerera ku Mzuzu ndidafufuza, ndipo ndidapeza kuti nkhondo ya msana ndi njinga ndi yakale ngati njinga yomwe. Njinga zoyamba zamapedulo, za m'ma 1860 ku France, zidali ndi mawilo amatabwa ovekedwa chitsulo, mpaka Angerezi adazipatsa dzina lotanthauza chogwedeza mafupa. Mu 1882 John Boultbee Brooks wa ku Birmingham adalembetsa chishalo chake chachikopa, ndipo kampani ya dzina lake ikupangabe zishalo zamasipuling'i mpaka lero. Mu 1888 John Boyd Dunlop, dokotala wa ziweto ku Belfast, adalembetsa tayala lopopa mpweya, atayamba waliyesa pa kanjinga ka mwana wake. Ndiye mukamadutsa pa Vizara n'kuona tizikho tolandira utomoni pa mitengo ija, dziwani kuti mphira ndi mpweya nazonso ndi shoko ya njinga.

Izi zikutanthauza kuti pali zina zosalira ndalama. Ambiri timapopa matayala mpaka alimbe ngati mwala poopa kuti katundu angatsinitse chubu pa limu. Lakumbuyo, pomwe pali katundu, lifunikadi mpweya wokwanira. Koma lakutsogolo, kapena ulendo wopanda katundu, kuchepetsako pang'ono kumafewetsa njira. Tayala lonenepa limameza makwinya kuposa lowonda. Ndipo mukaona dzenje kapena muzu, dzukani pang'ono pa chishalo, mawondo agwire ntchito. Shoko imeneyo mudabadwa nayo, ilibe msonkho.

Tsono sabata yatha ndidapita kukamva chigamulo. Ndidawapeza amalume akutsuka njinga pabwalo. Adandilandira, adandipatsa mpando, ndiye ndidadziwa kuti mlandu wa usipa udatha. Mawu awo ndi awa. Pa makwinya ndi pa mizu ya mango, zasintha kwambiri, nkhonya zija zasanduka kugwedeza kwa mwana kumbuyo. Pa dzenje lalikulu imagundabe, palibe matsenga. Mumchenga ilibe ntchito, kutsika n'kukankha kuli pomwepo. Pachitunda poyamba inkawaba mphamvu, chishalo chikudumphadumpha, mpaka adabwerera kwa mkulu uja kukalimbitsako pang'ono. Msana sudachire wonse, masiku ena umawakumbutsabe zaka zawo, koma akudzuka osagwira chitseko, ndipo abwerera pa ntchito. Adachepetsanso katundu: kumene ankapita kamodzi ndi phiri la madengu, tsopano akupita kawiri. Theka la fizi lapita kale kusukulu.

Ndidawafunsa kuti chawathandiza kwambiri n'chiyani, paipi, chishalo chatsopano, mankhwala, kapena kuchepetsa katundu. Adati: "Mphwanga, ndiwo zikakoma sufunsa ngati ndi mchere kapena tomato." Ndalemba zimenezi dala kuti wina asadzandigwire pakhosi pa Zigwagwa kuti ndidamunamiza. Paipi ndi mbali imodzi chabe ya nkhaniyi.

Ndiye ndani agule? Ngati muli ndi njinga ya kaunjika ya chishalo chouma, mumayenda mtunda wautali m'njira zafumbi tsiku ndi tsiku, ndinu wamtali mokwanira, ndipo mwapeza nambala yanu, gulani. Poigula ikanikizeni ndi manja, itsike ndi kubwerera yokha mosakakamira, ndipo mupotokole mutu wake muone ngati sukugwedera. Yang'ananinso ngati ilibe mng'alu. Ngati muli ndi yakuda yamasipuling'i, sungani ndalama yanu mugule tayala labwino. Ndipo dziwani kuti shoko imeneyi ndi ya wopalasa yekha. Mazira, tomato ndi kasitomala wa pa kaliyala azilandirabe nkhonya zawo monga kale. Zinthu zochokera kunja zakwera mtengo koopsa chigwetsere kwacha ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, ndiye si nthawi yogula chinthu chifukwa chikunyezimira. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Chinanso, ndipo apa sindikuseka. Msana ukamapweteka mpaka ululu kutsikira m'mwendo, mwendo kuchita dzanzi kapena kufooka, kapena mukayamba kuvutika potaya madzi, imeneyo si nkhani ya wokonza njinga. Pitani kuchipatala msanga. A kwathu kuno, pa Kande pali chipatala chaching'ono, pa Chintheche pali chokulirapo, ndipo chachikulu chili ku boma. A mtauni zipatala muli nazo pafupi, chimakuvutani ndi kusiya benchi tsiku limodzi. Benchi mudzalipeza.

Ndisanatseke, liwu limodzi kwa akuluakulu. Matipate adabwera mu 1994, ine ndisanabadwe, ndipo chisankho chilichonse kuyambira pamenepo misewu ya kumidzi imalonjezedwa pa nsanja. Eni malonjezowo amabwera pa magalimoto a mashoko onenepa ngati ntchafu, ogulidwa ndi misonkho yathu, ndiye makwinya sawamva. Amene amawamva ndi munthu wa dengu la usipa, ndi inu amene mumadula chiphaso cha pamsika tsiku ndi tsiku. Ife tayesetsa mbali yathu, taika sipuling'i pansi pa amalume. Giredala yokha ikadutsa kawiri pachaka, ndi ngalande zotaya madzi m'mbali, zingachiritse misana yambiri kuposa mapaipi onse a mu Mzuzu.

Pondiperekeza kukakwera minibasi, amalume adandiuza mawu amene mkulu wokonza njinga uja amauza aliyense wobwera ndi chishalo chong'ambika koma akufuna kugula belu. Tcheni chikaduka, sipeya ilipo. Sipoko ikathyoka, sipeya ilipo. Felemu yomwe amawotcherera. Koma msana, ngakhale mutazungulira mahadiweya onse a ku Limbe, simudzaupeza pa shelefu.

Adandipatsanso kajumbo ka usipa koti ndikadye kutauni. Ndaphika dzulo. Mwa apo ndi apo dzino likulira. Ndikuganiza kuti ndi wa dengu lija, adandisungira dala.

Tionana sabata ya mawa, Mulungu akalola. Gulitsani mwachilungamo, ndipo inu a mpunga ndi nyemba, chitini choyezera chija musachifinye kunsi, takuonani.